Ndingasinthe bwanji mashelefu a KALLAX kuti asunge bwino nsalu, ulusi ndi mikanda?

Msoki wa ku Leeds, ku England, analemba kuti:

Moni kwa inu nonse amene mumagwira ntchito zamanja. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa aliyense amene anayesapo kusintha mashelefu ogula opangapanga kuti agwirizane ndi ntchito yosoka, yoluka ndi yotunga mikanda. Ndili ndi mashelefu awiri a mtundu wa KALLAX, opangidwa ndi kampani ya IKEA, amene ndinagula kwa munthu wina amene ankasamuka. Shelefu iliyonse ndi yaitali masentimita 147, m'lifupi mwake ndi masentimita 77, kuchokera kumaso kukafika kumbuyo ndi masentimita 39, ndipo ili ndi zipinda 8 zofanana, chilichonse cha masentimita pafupifupi 33 m'lifupi ndi 33 kupita m'mwamba. Kumbuyo kwake kulibe thabwa, moti munthu amaona khoma kudzera m'zipindazo.

Ntchito yanga yaikulu ndi kusoka zikwama, maepuloni ndi nsalu za mapilo pogwiritsa ntchito zitenje zimene achibale amanditumizira kuchokera kumudzi, koma ndimapanganso ndolo ndi zibangili za mikanda, komanso makadi a mapepala okhuthala omatidwa tizidutswa ta chitenje. Choncho katundu amene ndiyenera kusunga ndi wosiyanasiyana kwambiri. Pali zitenje zathunthu za mamita awiri ndi zina zazitali za mayadi 6, zigamba zotsala podula, ulusi wosokera ndi wolukira, mikanda ya galasi ndi ya mtengo, mabatani, mazipi, lasitiki, masizasi, singano, guluu, penti, mapepala, ndiponso makina osokera.

Chimene chikundivuta kwambiri ndi chakuti zipindazi n'zazikulu kwa tinthu ting'onoting'ono. Ndikaika timabotolo ta mikanda m'chipinda chimodzi, timangodzaza pansi pokha, ndipo malo onse a m'mwamba amangokhala opanda ntchito. Ndikatisanjikiza, chimene ndikufuna chimakhala chili pansi kapena kumbuyo, ndipo kuti ndichipeze ndimayenera kutulutsa zonse. Zitenje nazonso ndikaziunjika mpaka m'mwamba, kusolola chimodzi cha pakati kumagwetsa mulu wonse.

Pali zinthu zina ziwiri zimene ndikufuna muzidziwe musanandiyankhe. Nyumba imene ndikukhala ndi ya lendi, ndipo khoma limene mashelefuwa ayimapo si la njerwa, koma la plasterboard, lomwe ndi khoma lopyapyala la zimatabwa za pulasitala lokhala ndi mphako m'kati. Komanso ndili ndi mwana wa zaka ziwiri amene wayamba kukwera paliponse ndipo chilichonse chimene watola amaponya m'kamwa. Kodi ndingawonjezere mashelefu ang'onoang'ono m'kati mwa zipindazi popanda kuziwononga? Kodi ndi bwino kusunga nsalu poonekera kapena m'mabokosi otseka? Ndalama zimene ndingathe kuwonongerapo si zambiri, choncho ndingakonde njira zimene munthu angathe kuchita yekha.

Kalipentala wa ku Birmingham anayankha kuti:

Mayi, ine ukalipentala ndinauphunzirira ku Blantyre, ndipo kuno ndimagwira ntchito yoika makabati m'makhitchini, choncho ndilankhula za matabwa ndi khoma, za kasanjidwe ka nsalu ndiwasiyira amayi anzanu amene amazidziwa kuposa ine.

Musanagule china chilichonse, mangirirani mashelefu onse awiriwo kukhoma. Shelefu yaitali masentimita 147 imene tsinde lake ndi masentimita 39 okha imagwa mosavuta mwana akaponda chipinda chapansi n'kugwira chapamwamba, ndipo ikadzaza ndi mikanda ndi mapepala kulemera kwake n'kokwanira kuvulaza mwana koopsa. Nkhaniyi si yongoopseza. M'chaka cha 2016, ku United States, IKEA inapempha anthu kuti abweze kapena amangirire kukhoma makabati a madirowa okwana 29 miliyoni, kuphatikizapo 8 miliyoni a mtundu wa MALM, ana ena atamwalira chifukwa chogweredwa ndi makabati osamangiriridwa kukhoma. Mtundu wa kabati ndi wosiyana ndi wanu, koma chimene chimachitika ndi chomwecho. Mashelefu atsopano amabwera ndi tizitsulo take tomangirira, ndipo ngati amene anakugulitsani sanakupatseni, tizitsulo tokhota ngati chilembo cha L timapezeka m'sitolo iliyonse ya zipangizo zomangira nyumba. Kuseri kwa plasterboard kumakhala mitanda ya matabwa kapena ya chitsulo yoimirira, imene nthawi zambiri imatalikirana masentimita 40 kapena 60, ndipo screw yolowa m'mtandamo ndiyo imagwira kwambiri. Ngati mtanda sunapezeke pamalo oyenera, gulani zomangira zopangidwira plasterboard, zimene zimatambasuka kuseri kwa khoma, osati timapulagi tapulasitiki ta pa njerwa, chifukwa ito timazuka. Alembereni eni nyumba kupempha chilolezo, ndipo mutchule kuti n'chifukwa cha chitetezo cha mwana. Timabowo take n'tating'ono ndipo timatsekeka mosavuta tsiku losamuka.

Tsopano za kuboola. Matabwa anayi okhuthala a m'mphepete mwa KALLAX amaoneka olimba, koma m'kati mwake mbali yaikulu ndi mapepala opindidwa ngati zisa za njuchi, okutidwa ndi thabwa lopyapyala mbali zonse ziwiri. Mukalowetsa screw pakati pa thabwa lotere, imagwira khungu lokhalo, ndipo ikalemedwa imang'amba n'kutuluka. Matabwa a m'kati ogawa zipinda ndi opyapyala, pafupifupi sentimita imodzi ndi theka, moti mukaboola mbali zonse ziwiri pamalo amodzi kuti muike tizitsulo togwira shelefu, mabowo awiriwo amakumana pakati. Ndiye chifukwa chake ine sindikulimbikitsani kuboola.

Njira yabwino ndi kupanga kashelefu kodziimira kokha kamene kamangolowetsedwa m'chipindacho. Tengani plywood ya mamilimita 9, mudule zidutswa ziwiri zoimirira m'mbali, ndipo pa zidutswazo mumate timitengo tating'ono topingasa ndi guluu wa matabwa, n'kukhomera timisomali tatifupi. Pa timitengoto ndi pamene pazikhala timatabwa tosolola, tomwe tingakhale ta mamilimita 6. Kulemera konse kumatsikira pansi pa chipindacho kudzera m'zidutswa za m'mbali zija, ndipo shelefu yanu simwaiboola ngakhale pamodzi. Chipinda chimodzi chingagawike patatu kapena panayi, malinga ndi kutalika kwa timabotolo tanu. Yezani chipinda chilichonse ndi tepi m'malo mongodalira nambala 33, ndipo podula muchotseko mamilimita awiri kapena atatu kuti kashelefuko kalowe mosakakamiza, poganiziranso kukhuthala kwa zidutswa za m'mbali. Plywood yathunthu ndi ya mamilimita 2440 ndi 1220, koma simufunika yonse, ndipo nthambi zambiri za B&Q, sitolo ya kuno ya zipangizo zomangira nyumba, zimadulira makasitomala matabwa ngati mwapita ndi miyeso yolembedwa bwino. IKEA imagulitsanso madirowa ndi zitseko zolowetsa m'zipindazi, koma mukafuna kugawa zipinda zambiri, plywood imatsika mtengo.

Opanga mashelefuwa amanena kuti chipinda chimodzi chisanyamule katundu woposa makilogalamu 13. Zitenje sizingakuvutitseni, chifukwa chitenje cha mamita awiri sichifika ngakhale theka la kilogalamu. Zolemera mobisika ndi mapepala ndi mikanda ya galasi. Mtolo umodzi wa mapepala 500 a A4 umalemera makilogalamu awiri ndi theka, ndipo botolo la lita imodzi lodzaza mikanda ya galasi limalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Ndikuona amisiri ena pa intaneti akulangiza anthu kuchotsa thabwa logawa zipinda ziwiri kuti papezeke malo otakasuka oikapo makina osokera. Musachite zimenezo. Thabwa likatalika kawiri pakati pa zoligwira, katundu yemweyo amalipinda kuwirikiza kasanu n'katatu, ndipo matabwa a utuchi wopanikizidwa akapindika sabwereranso. Komanso matabwa ogawawo ndiwo amathandiza kuti chimango chonse chisapendekeke.

Chomaliza kwa ine ndi kumbuyo. Kukhomako hardboard, thabwa lopyapyala la utuchi wopanikizidwa, ya mamilimita atatu kumathandiza kuti tinthu tisamagwere kuseri, ndipo kumalimbitsa shelefu kuti isagwedezekere cham'mbali. Yambani mwaboola timabowo tating'ono musanakhome timisomali m'mphepete mwa matabwa, kuti asang'aluke.

Wotunga mikanda wa ku Zomba anayankha kuti:

Achemwali anga, IKEA kuno kwathu kulibe, koma shelefu yanga inapangidwa ndi kalipentala wa kuno potengera chithunzi cha mashelefu omwewo, ndi matabwa a paini, ndipo miyeso ya zipinda zake ikufanana ndi yanu. Mavuto amene mwafotokozawo ndimawadziwa, ndipo maganizo anga ndi akuti malo sakukucheperani ayi. Chimene chikukuvutitsani ndi masentimita 39 aja olowa m'kati. Dzanja ndi diso zimafika bwino kumaso kokha, ndipo chilichonse chimene chakhala kuseri kwa chinzake chimaiwalika, mpaka munthu amakagulanso zipi kapena ulusi umene ali nawo kale. Choncho lamulo limene ine ndimatsata ndi lakuti chilichonse chaching'ono chikhale pa chinthu chosololeka, kuti ndikakoka kamodzi, za kumaso ndi za kumbuyo zonse zibwere pamaso panga. Timatabwa tosolola timene a Kalipentala afotokoza tikugwirizana ndi zimenezi, ndipo ndingowonjezera kuti muziikapo kamtengo kotchinga m'mphepete mwa kathabwa kalikonse, kuti timabotolo tisatsetsereke pokoka.

Za zitenje ndifotokoze mwatsatanetsatane, chifukwa ndi pamene pamasintha zinthu kwambiri. Lekani kuziunjika chogoneka. Dulani makatoni olimba a masentimita pafupifupi 30 kutalika ndi 20 m'lifupi. Chitenje chimakhala cha masentimita 110 mpaka 120 m'lifupi mwake, ndiye mukachipinda pakati motsata utali wake, n'kuchipindanso kachiwiri, chimatsala mzere wa masentimita osapitirira 30. Mzere umenewo muukulunge pa katoni ija, ndipo kumapeto mumange ndi kachingwe ka chigamba. Musagwiritse ntchito mapini, chifukwa akachita dzimbiri amasiya madontho osachoka. Zitenje zokulungidwa motere muziimike m'chipinda monga amaimikira mabuku. Chilichonse chimaonetsa maluwa ake, ndipo mukasolola chimodzi zinzake zimatsala chiimire. Za mayadi 6 zimakhuthala kwambiri pa katoni, choncho izo zokha mungazigoneke, koma zisapitirire zinayi kapena zisanu pa mulu umodzi, ndipo apa ndi pamene kugawa chipinda pawiri kumathandiza. Katoni wamba akakhala zaka zambiri atakhudzana ndi nsalu yoyera amaisiyira chikasu, ndiye nsalu zoyera ndi zimene mukusunga kwa nthawi yaitali muziyamba mwakuta katoniyo ndi chigamba chakale chochapa.

Zigamba ndizo zimasokoneza chipinda chosokera kuposa china chilichonse. Ambiri amazisanja motsata mtundu, zofiira pazokha, zobiriwira pazokha, koma chitenje chimodzi chimakhala ndi mitundu isanu kapena kuposa, ndiye munthu amangoima osadziwa kuti achiike kuti. Ine ndimazisanja motsata kukula. Zimene zingatuluke thumba la chikwama zimakhala m'bokosi lawo, zokwana zingwe ndi zogwirira m'bokosi lina, ndipo tating'ono tokutira mabatani, ndolo ndi makadi timakhala m'bokosi lachitatu. Pamene mukudula chikwama, funso limene limabwera m'mutu ndi lakuti kodi chigamba ichi chikwana, ndiye kasanjidwe kayenera kuyankha funso limenelo. Mudziikirenso malire akuti bokosi likadzaza, simuwonjezera lina, koma mumasoka kanthu ndi zigambazo kapena mumapatsa ena.

Mikanda imafuna ziwiya zosazama. Mukaithira m'botolo lalikulu, mitundu imasakanikirana ndipo kusankha kumadya nthawi kuposa kutunga. Timabotolo tating'ono toonekera m'kati, totseka mopotokola, ndi tabwino kuposa mabokosi a zipinda zambiri okhala ndi chivundikiro chimodzi, chifukwa bokosi lotere likagwa mikanda yonse imasakanikirana nthawi imodzi. Pa chivundikiro chilichonse lembanipo kukula kwa mkandawo ndi kumene munaugula, popeza kuchokera pamwamba ndi pamene muzionera mukasolola kathabwa. Tizitsulo ta ndolo ndi tokowera ta mikanda ya m'khosi tisungeni m'timatumba totseka, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato, kuti tisade.

Pa nkhani ya kuti chiti chikhale m'mwamba, chiti pansi, pali kusagwirizana kumene muyenera kukuganizira. Mwambo wake ndi wakuti zolemera zikhale pansi kuti shelefu ikhazikike, koma mikanda, yomwe ndi yolemera, ndiyonso yoopsa kwambiri kwa mwana wa zaka ziwiri, chifukwa ingamutsamwe kapena angailowetse m'mphuno. Ine ndikanakhala inu, mzere wapansi ndikanaikamo zitenje zazitali ndi mitolo ya mapepala, zomwe n'zolemera koma zosaopsa. Mzere wachiwiri ndikanaikamo mabokosi a zigamba. Mikanda, mabatani, singano, masizasi ndi guluu zikanapita m'mizere iwiri ya m'mwamba, ndipo zimenezi zikutheka pokhapokha shelefu itamangiriridwa kukhoma monga ananenera bambowa. Ana amafulumira kuphunzira kukoka mpando, choncho chipinda cha masizasi ndi singano chikhale ndi chitseko chokhala ndi loko wa ana.

Makadi anu sakuvutitsani. Mapepala a A4 amalowa bwinobwino, ngakhalenso aja a mbali zonse zofanana a masentimita 30.5. A A3 okha, omwe ndi a masentimita 42 kutalika, amatulukira kunja pang'ono, ndiye awo apezereni malo ena kuti ngodya zake zisapindike.

Woluka wa ku Glasgow, ku Scotland, anayankha kuti:

Mayi, zimene anena anzathu a ku Zomba zokulunga zitenje pa katoni ndikugwirizana nazo, koma pa funso lanu lakuti nsalu zikhale poonekera kapena zotsekeredwa, ine ndili kumbali ya kutseka, ndipo ndifotokoza zifukwa zake.

Kuwala kwa dzuwa kumafwifwitsa nsalu ngakhale kuno kumene dzuwa ndi losowa. Chitenje choimikidwa ngati buku chimaonetsa mbali imodzi yokha kwa miyezi yambiri, ndipo tsiku limene mwachitambasula mumapeza mizere yofwifwa pamene panali popindika, mizere imene singabisike pa chikwama chogulitsa. Ulusi wosokera wa thonje nawonso umafooka ukakhalitsa pa dzuwa, ndipo fumbi limene umatola limakathera m'makina. Sikuti mufunika zitseko zodula ayi. Inu ndinu msoki, ndiye sokani katani yopepuka ya nsalu yokhuthala, muipachike kumaso kwa shelefu ndi kandodo kotanuka kamene kamadzigwira kokha pakati pa matabwa awiri popanda kuboola. Pogwira ntchito mumaikankhira pambali n'kuona zonse, mukamaliza mumatseka.

Ulusi wolukira wa ubweya weniweni wa nkhosa uli ndi mdani wake, amene ndi njenjete. M'nyumba za kuno zimene zimatenthetsedwa nyengo yonse yozizira, njenjete zimaswana chaka chonse, ndipo zimene zimadya ubweya ndi mphutsi zake, osati zouluka zimene timaziona. Mabokosi ansalu a DRÖNA, amene anapangidwira zipinda za KALLAX, ndi abwino kusungiramo zigamba ndi ulusi wa akiliriki, koma alibe chivundikiro, choncho sangateteze ubweya. Ubweya uzikhala m'matumba apulasitiki otsekeka bwino, ndipo matumbawo ndiwo azilowa m'bokosi. Ulusi uliwonse wa ubweya umene mwagula m'masitolo a kaunjika kapena mwapatsidwa, muyambe mwauika m'thumba n'kuusiya mufiriji, mbali youmitsa madzi imene imafika madigiri 18 pansi pa ziro, kwa milungu iwiri, usanakhudzane ndi unzake.

Palinso chinyezi. Simunanene ngati khoma lanulo ndi logawa zipinda kapena ndi loyang'ana panja. Ngati kuseri kwake ndi panja, limazizira m'nyengo yachisanu, mpweya wa m'nyumba umasanduka madzi pamenepo, ndipo kuseri kwa mipando ndi mashelefu ndi kumene nkhungu imayambira. Kwathu nkhokwe amaikweza pa miyala kuti mphepo izidutsa pansi chimanga chisaole, ndipo nsalu nazo zimafuna mpweya woyenda momwemo. Siyani mpata wa masentimita angapo pakati pa shelefu ndi khoma lotere, pogwiritsa ntchito tizitsulo tomangirira totalikirapo. Apa ndikusiyana pang'ono ndi a Kalipentala pa za kutseka kumbuyo konse ndi hardboard. Ndingakonde kuti mutseke zipinda za tinthu ting'onoting'ono zokha, koma za nsalu zikhale zotsegula, kapena thabwalo likhale lija la mabowo ambirimbiri. Kachipangizo koyezera chinyezi n'kotsika mtengo, ndipo kakamaonetsa kupitirira 60 pa 100 kwa masiku ambiri, dziwani kuti chipindacho chikufunika kumatsegulidwa mawindo.

Guluu woyera wa PVA ndi penti ya akiliriki zimawonongeka zikaundana ndi chisanu, ndipo zimauma msanga zikakhala pafupi ndi hita, ndiye zisankhireni chipinda chotalikirana ndi windo komanso hita. Mafuta a makina osokera akhale m'kambale kawokawo, ndipo asakhale pamwamba pa chipinda cha nsalu.

Msoki wa ku Leeds analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse atatu chifukwa cha nthawi imene mwapatula. Khomalo ndi logawa chipinda changa ndi pabalaza, silikuyang'ana panja, choncho nkhawa ya nkhungu yachepa, komabe zipinda za nsalu ndizisiya zotsegula kumbuyo monga anenera mayi a ku Glasgow, ndipo katani ndisoka. Eni nyumba ndawalembera kale za kumangirira kukhoma. Zitenje zingapo ndazikulunga pa katoni kuti ndiyese, ndipo zimene zinkadzaza zipinda zitatu zikuoneka kuti zikwana m'zipinda ziwiri.

Bambo Kalipentala, ndili ndi funso lina kwa inu. Pakali pano ndimadulira nsalu pansi, ndipo msana umandipweteka. Ndaganiza zogoneka shelefu imodzi cham'mbali, kuti ikhale yaitali masentimita 77 okha, n'kuikapo thabwa pamwamba kuti likhale tebulo lodulirapo ndi loikapo makina. Kodi zimenezi zingatheke popanda kuifooketsa? Nanga ndingaikeko matayala kuti ndizitha kuikankhira pakati pa chipinda pogwira ntchito, n'kuibwezera kukhoma ndikamaliza?

Kalipentala wa ku Birmingham anayankhanso kuti:

Mayi, kugoneka n'kotheka, chifukwa mashelefuwa anapangidwa kuti aziima njira zonse ziwiri, ndipo yogoneka imakhazikika kuposa yoimirira. Koma kudula ndi kusoka zimafuna misinkhu yosiyana, ndiye musankhe chimene tebulolo lizigwira. Masentimita 77 ndi msinkhu wa tebulo logwirirapo ntchito munthu atakhala pa mpando, koma pansi pake palibe polowetsa mawondo, moti kusokerapo kungakupindeni msana kuposa kale. Podula chiimire, msinkhu umene umayenera anthu ambiri ndi wa matebulo a m'khitchini, pafupifupi masentimita 90. Kuti mudziwe wanu, imirirani, pindani chigongono, ndipo muyeze kuchokera pansi kufika pa chigongonocho, kenaka muchotseko masentimita 10 mpaka 15. Ine ndinganene kuti shelefuyo ikhale tebulo lodulira, makina apitirize kukhala pa tebulo lokhala ndi miyendo.

Matayala musawamangirire mwachindunji pa thabwa la shelefu, pa chifukwa chomwe chija cha mapepala a m'kati. Dulani plywood ya mamilimita 18 yofanana ndi tsinde lonse, masentimita 147 ndi 39, ndipo matayalawo amangidwe pa plywood imeneyo ndi mabawuti. Akhale 6, osati anayi, kuti pakati pasalendewere, ndipo awiri kapena kuposa akhale ndi mabuleki. Shelefu ikhale pamwamba pa plywood, yogwidwa ndi timitengo tozungulira m'mphepete kuti isatsetsereke. Matayala a masentimita 7 kapena 8, pamodzi ndi plywood yapansi ndi yapamwamba, akukwezerani tebulolo kufika pafupi ndi masentimita 90 aja.

Chondidetsa nkhawa ndi kupapatiza kwake. Pa masentimita 39 simungadulirepo chitenje, ndiye mudzafuna thabwa lapamwamba lotambalala. Lisatulukire kupitirira masentimita 10 mbali iliyonse, chifukwa mwana akalendewera m'mphepete mwa thabwa lotulukira kwambiri, pa shelefu ya matayala imene sinamangiriridwe kukhoma, tebulo lonse lingatembenuke. Zimenezi zikupatsani masentimita 59, omwe ndi okwanira chitenje chopindidwa pakati ngati chili cha masentimita 115. Ngati chipinda chanu chili ndi malo, njira yolimba kuposa zonse ndi kugoneka mashelefu onse awiri motsamirana misana pa plywood imodzi. Mukatero mupeza tebulo la masentimita 147 ndi 78 limene silingagwe, ndipo zipinda zizitsegukira mbali zonse ziwiri. Koma dziwani kuti zikatero zipinda zonse 16 zidzakhala pamene mwana angafikire, ndiye mikanda, singano ndi masizasi zidzafunika kabati ina yokhoma kapena shelefu yapamwamba pakhoma. Kwa zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi, ine ndingasankhe kuti imodzi iime yomangiriridwa kukhoma ndi zoopsa zonse m'mwamba, ndipo inayo igone ndi nsalu ndi mapepala okha. Munditumizire muyeso wa chigongono chanu ndi kukula kwa matayala amene mwapeza, ndikuwerengereni miyeso yonse yoti mupite nayo kodulitsa matabwa.